Mashelefu Atatu a pa Wimbe

Anthu amene anali atazindikira kale m'chaka cha 2002 sanaiwale njala imene inasautsa dziko lino nthawi imeneyo. Nkhokwe zinagona pansi, gaga amene kale ankathirira nkhumba ndi nkhuku anasanduka chakudya chogula ndi ndalama, ndipo mabanja ambiri ankatereka mphika kamodzi kokha pa tsiku. Limodzi mwa mabanja amenewa linali la a Kamkwamba a m'mudzi wa Masitala, m'dera la Wimbe, m'boma la Kasungu. Pabanjapo panali ana asanu ndi awiri, ndipo wamwamuna anali mmodzi yekha, William, wa zaka 14. Mnyamatayu anali atangoyamba kumene Folomu 1 pasukulu ya sekondale ya Kachokolo, koma atate ake, amene ankadalira ulimi wa chimanga ndi fodya, analephera kupeza fizi yokwana pafupifupi madola 80 a ku America pa chaka. Motero William anabwerera kunyumba.

Mbiri ya mnyamata ameneyu inamveka pa dziko lonse pambuyo pake, chifukwa cha makina opanga magetsi ndi mphepo amene anamanga pakhomo pa makolo ake. Buku la moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, linatuluka m'chaka cha 2009, ndipo kanema wa dzina lomwelo, amene Chiwetel Ejiofor anajambula m'Malawi momwe muno, anatuluka m'chaka cha 2019. Koma ambiri pofotokoza nkhaniyi amathamangira ku nsanja ya mitengo ya bulugamu ndi getsi loyaka usiku, n'kulumpha kachipinda kamene zonsezi zinayambira. Kwa aphunzitsi, ndiponso kwa achinyamata amene atsiriza kapena kulekeza sukulu, kachipindako ndiko kofunika kukayang'anitsitsa.

Kanali kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale ya Wimbe. Mlendo wochokera mumzinda sakanaima n'komwe kuti akadabwe nako. Munali mashelefu atatu okha ofika kudenga, odzaza ndi mabuku amene ambiri mwa iwo anali mphatso yochokera ku America. Mabukuwo sanasanjidwe monga mwa maphunziro ake kapena maina a owalemba, kotero wofuna buku linalake ankayenera kuyendetsa chala pa shelefu yonse. Woyang'anira anali mphunzitsi wamkazi wa pasukulu pomwepo. William sanalinso mwana wa sukulu imeneyo, ndipo kunena zoona sanali mwana wa sukulu ina iliyonse. Komabe mayiwo anamulandira, namulola kubwereka mabuku ndi kupita nawo kwawo. Ku sekondale kunkafunika risiti ya fizi munthu asanakhale pa desiki; pakhomo la kalaibulaleka pankafunika kungolonjeza kuti bukulo lidzabwezedwa.

Poyamba cholinga cha mnyamatayo chinali chaching'ono. Ankayembekeza kuti njala ikatha ndipo atate ake akagulitsa fodya adzabwerera ku Kachokolo, choncho sanafune kuti anzake amusiye kutali. Ankabwereka mabuku a maphunziro amene anzakewo ankaphunzira m'kalasi, naonjezera ndi zolemba za mnzake wina amene anali akupitabe kusukulu. Koma shelefu ya mabuku ili ndi khalidwe lake: munthu wobwera kudzafuna chinthu chimodzi imamuonetsa zinthu khumi. Posakhalitsa William anagwira mabuku a sayansi, ndipo limodzi mwa iwo, lotchedwa Explaining Physics, linamugwira mtima koposa.

Panali chifukwa chake. Kuyambira ali wamng'ono, iye ndi msuweni wake ankamasula mawailesi akufa kuti aone za m'kati mwake, mpaka anayamba kukonzera anthu a m'mudzi mawailesi awo. Chinanso chimene chinkamuvutitsa maganizo chinali dayinamo ya njinga, kabotolo kachitsulo kaja kamene kamatsamira tayala ndi kuyatsa nyale munthu akamapalasa. Ankafunsa eni njinga kuti kuwalako kumachokera kuti, koma iwo ankangodziwa kuti tayala likazungulira nyale imayaka. Yankho analipeza m'buku lija. M'kati mwa dayinamo muli maginito ndi waya wamkuwa wokulungidwa kambirimbiri. Maginitoyo ikamazungulira pafupi ndi wayayo, mu wayamo mumayamba kuyenda magetsi. Chofunika ndi kuzungulirako basi. Kaya chozunguza ndi mwendo wa munthu, madzi a mumtsinje wa Shire pa Nkula, kapena china chilichonse, magetsi ake ndi amodzimodzi.

Njira imene ankawerengera bukuli ndi yofunika kuti aphunzitsi aidziwe, chifukwa Chingerezi chake chinali chochepa kwambiri. Ankayamba ndi chithunzi. Akaona chojambula chimene chamukopa, ankayang'ana nambala yolembedwa pansi pake, kenaka n'kufufuza m'ndime za tsambalo mpaka atapeza pamene nambala ija yatchulidwa. Ziganizo zozungulira malo amenewo ankalimbana nazo liwu ndi liwu, akuyerekeza ndi zimene maso ake akuona pa chithunzicho. Mawu omukanika ankawayang'ana mu dikishonale, kapena ankafunsa mayi oyang'anira aja. Mwa njira imeneyi anaphunzira zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, sayansi ndi Chingerezi, ndipo chilichonse chinkakoka chinzake. Palibe anamupatsa mndandanda wa mawu oti aloweze. Liwu lililonse limene analiphunzira analiphunzira chifukwa linali litatsekereza njira yopita ku chinthu chimene ankachifunitsitsa, ndipo mawu ophunziridwa motero saiwalika msanga.

Tsiku lina anakumana ndi liwu la Chingerezi lakuti "grapes", limene ndi mphesa, koma iye sanalidziwe. Atawerama kuti atenge dikishonale pa shelefu yapansi, anaona buku lina limene linali litakankhidwira m'kati, lobisika pakati pa anzake. Linali buku la ana a sukulu a ku America lotchedwa Using Energy. Pachikuto pake panali chithunzi cha nsanja zazitali zoyera, iliyonse ili ndi mapeni atatu aakulu ozungulira. William anali asanaonepo chinthu chotere, ngakhale kuti iye ndi anzake ankapanga tozungulira ta mphepo tosewerera. Atatsegula, anawerenga kuti makina amenewa amapanga magetsi ndiponso amapopa madzi. Kwa mwana amene anali atangoona anthu akufa ndi njala, mawu akuti kupopa madzi anali ndi tanthauzo lalikulu: munda wothirira, ndi kukolola kawiri pa chaka. Ndipo funso la dayinamo lija linapeza mbali yake yotsala. Mphepo ikhoza kupalasa m'malo mwa munthu.

Apa pali mfundo imene anthu a masiku ano, okhulupirira kwambiri foni ya m'manja, sachedwa kuiiwala. Pa intaneti munthu amapeza chimene walemba kuti achifufuze, ndipo kuti alembe ayenera kudziwa dzina lake. William sankadziwa dzina la makina amenewa m'Chingerezi, ndipo m'Chichewa munalibe liwu lake. Iye mwini pofotokozera anthu ankangoti magetsi a mphepo. Sakanatha kufunsa za chinthu chimene sankadziwa kuti chiliko. Anachipeza chifukwa analoledwa kuima yekha patsogolo pa shelefu, kugwira mabuku ndi manja ake, ndi kusolola limene palibe mphunzitsi anamutuma. Intaneti anadzaiona koyamba m'chaka cha 2007, makina ake atayamba kale kugwira ntchito zaka zingapo.

Bukulo silinafotokoze kamangidwe ka makinawo. Linangoonetsa kuti chinthucho n'chotheka, ndipo zotsalazo zinachokera m'mutu ndi m'manja mwa mnyamatayo. Anayamba ndi kakang'ono koyesera, kamene kanaimbitsa wailesi. Kenaka anayamba kutola zitsulo pa dzala la makina akale a esiteti ina ya fodya, pafupi ndi sukulu yomwe anaichoka ija. Kumeneko anapeza fani ya thirakitala ndi zitsulo zina. Mapeni anawapanga ndi mapaipi apulasitiki amene anawang'amba pakati, n'kuwawamba pamoto, n'kuwapondereza kuti aphwaphwatike. Chiboolero chake chinali msomali woutentha pamoto, wokhala ndi chigwiriro cha chitsononkho. Zotsekera mabotolo zinalowa m'malo mwa mawashala. Njinga yakufa ya atate ake inapereka felemu, tcheni ndi gudumu, ndipo dayinamo anamugulira ndi mnzake uja, pakuti iye analibe ndi tambala yomwe. Anthu omuona akutola zinyalala ankati wayamba misala, ena ankati akusuta chamba. Koma tsiku limene anakweza makinawo pa nsanja ya bulugamu yotalika pafupifupi mamita 5, mphepo inaomba, mapeni anazungulira, ndipo babu limene anagwira m'dzanja linayaka pamaso pa khamu lomwe linabwera kudzamuseka.

Sanaleke kupita ku laibulale. Atalumikiza batire ya galimoto ndi kukoka mawaya m'nyumba, makinawo ankayatsa mababu anayi ndi kuimbitsa mawailesi awiri, ndipo anansi ankabwera kudzatchajitsa mafoni. Maswichi anawapanga ndi mphira wa nsapato za patapata. Poopa kuti mawaya akagundana angayatse denga la udzu, anabwerera ku Explaining Physics, naona chithunzi cha belu la magetsi, ndipo potengera nzeru ya belulo anapanga kachipangizo ka misomali, waya ndi maginito kodula magetsi pakachitika ngozi. Chithunzicho chinali cha belu chabe. Kuona m'menemo chotetezera nyumba ku moto ndiyo ntchito imene owerengayo anaonjezerapo yekha.

Anthu ena amaganiza kuti luso lopanga zinthu zatsopano limalowa mwa mwana kuchokera m'mabuku, monga madzi othiridwa mumtsuko wopanda kanthu. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti si choncho. Mwana wa m'dziko muno amaumba ng'ombe zadothi asanadziwe kulemba dzina lake. Amapinda galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino, amamanga mpira wachikulunga, amasema gitala ya chigubu. Luso lilipo kale, ndipo ndi lochuluka. Chimene chimasowa ndi chidziwitso cha chifukwa chimene zinthu zimachitikira, ndiponso mbiri ya zimene anthu ena anayesa kale kwina. Popanda zimenezi, mwana waluso amangobwereza galimoto ya mawaya yomweyo mpaka atakula n'kuisiya. Buku limamupatsa lamulo la chilengedwe limene angathe kulinyamula kuchoka pa njinga kupita nalo pa nsanja.

Nkhani ya ku Wimbe si yoyamba ya mtundu umenewu pakati pa ana a dziko lino. Zaka zoposa 40 m'mbuyo mwake, mu Okutobala 1958, mnyamata wina wa ku Chitipa amene anaphunzira ku Livingstonia, Legson Kayira, ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, ndi cholinga chokafika ku America kukapitiriza maphunziro. Mtima umenewu anautenga m'mabuku a kusukulu, momwe anawerenga za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, anthu amene anabadwira mu umphawi koma anadzitukula ndi kuwerenga. M'katundu wake munali mabuku awiri, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress, pamodzi ndi kankhwangwa, bulangete ndi kamba wa masiku ochepa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: patapita chaka ndi miyezi, akugwira maganyu m'njira, anafika mumzinda wa Kampala ku Uganda.

Kufikira pamenepo, ulendo wake unali ndi mtima koma unalibe keyala. Sankadziwa sukulu ngakhale imodzi ya ku America imene akanailembera kalata. Keyalayo anaipeza mu laibulale ya ofesi yofalitsa nkhani za boma la America mumzinda wa Kampala, m'buku louma kwambiri limene munthu angaliganizire: mndandanda wa makoleji a m'dzikolo. M'menemo anaona dzina la Skagit Valley College, ya ku Mount Vernon m'chigawo cha Washington. Analemba kalata, ndipo kolejiyo inamupatsa malo ndi chithandizo cha fizi. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, kumene anapeza chilolezo cholowera m'dzikolo, ndipo ophunzira a pakolejiyo ndi anthu a m'deralo anasonkha ndalama za ndege. Anafika mu Disembala 1960. Pambuyo pake a Kayira anaphunziranso ku Cambridge, nalemba mbiri ya ulendo wawo m'buku lotchedwa I Will Try, la m'chaka cha 1965, ndi mabuku a nkhani zopeka monga The Looming Shadow ndi Jingala.

Wowerenga wochenjera anena kuti anyamata awiriwa anali odziwa kale kuwerenga pamene analowa mu laibulale, ndipo anthu otere sabadwa tsiku ndi tsiku. N'zoona. Ntchito yaikulu ya laibulale sioneka m'nyuzipepala, chifukwa imachitika mwa ana wamba a Sitandade 2 ndi 3 amene akulimbana ndi zilembo. Ndipo pamenepa ndi pamene dziko lino lakhala likuvutika. Maphunziro a ku pulayimale atakhala aulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma zipinda, aphunzitsi ndi mabuku sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Kafukufuku wa kawerengedwe ka ana a m'makalasi oyambirira amene anachitika m'chaka cha 2010 anapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani kakafupi ka Chichewa. Zotsatira zotere ndi zina mwa zimene zinachititsa boma kuyambitsa ndondomeko yophunzitsa kuwerenga m'dziko lonse m'chaka cha 2016.

Kuphunzitsa zilembo ndi maphatikizo ndi ntchito ya m'kalasi, ndipo laibulale singalande ntchito imeneyi. Koma kudziwa maphatikizo si kuwerenga, monga momwe kudziwa maina a ziwalo za njinga si kupalasa. Chichewa chili ndi mwayi wakuti chimalembedwa monga momwe chimamvekera, kotero mwana amene wagwira bwino ba, be, bi, bo, bu ndi anzake akhoza kutchula pafupifupi liwu lililonse. Vuto ndi liwiro. Mwana wowerenga mojejema amathera nzeru zake zonse pa kulumikiza zilembo, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Amatchula mawu onse molondola koma osamva kanthu. Mankhwala ake ndi amodzi okha: kuwerenga kwambiri, tsiku ndi tsiku, zinthu zosavuta ndi zokoma, mpaka maso atayamba kuzindikira mawu athunthu monga momwe amazindikirira nkhope za abale.

Buku la m'kalasi palokha silingakwanitse zimenezi. Ndi limodzi chaka chonse, kawirikawiri logawana ana angapo, ndipo mphunzitsi aliyense akudziwa mwana uja amene amawerenga tsamba lonse mokweza ndi mosadodoma, maso ali kudenga. Ameneyo waloweza. Mukamupatsa tsamba lachilendo amangoti kakasi. Chimene akusowa ndi mabuku makumi angapo aang'onoang'ono, osiyanasiyana, ena osavuta koposa msinkhu wake kuti alawe kukoma kotsiriza buku yekha, ena ovutirapo pang'ono kuti amukoke. Akusowanso ufulu wosankha. Wina akufuna za kalulu ndi fisi, wina za ndege, wina za mpira; ndipo mwana amene wasankha yekha buku amapirira mawu ovuta amene sakanawapirira m'buku lomukakamiza.

Chinenero cha mabukuwo ndi nkhani ina yofunika kuilingalira mofatsa. Nkhani ya William yaonetsa kuti mabuku a mphatso ochokera kunja si achabe, ndipo wonena kuti onse ndi osayenera Amalawi akulakwitsa. Koma William anali wa zaka 14. Mwana wa zaka 7 amene akungoyamba kumene, akapatsidwa buku la Chingerezi lokamba za chipale chofewa ndi zakudya zimene sanazionepo, amasenza akatundu atatu pa nthawi imodzi: zilembo zachilendo, chinenero chachilendo, ndi dziko lachilendo. Ayenera kuyamba ndi chinenero chimene amalota nacho, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga, ndipo luso lowerenga limene walipeza m'menemo amapita nalo ku Chingerezi. Bungwe loyendetsa malaibulale m'dziko muno, la National Library Service, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1967, linaona kusowa kumeneku ndipo linasindikiza mabuku a ana otchedwa Werengani, olembedwa ndi Amalawi. Mabuku otere sanakwanepo m'sukulu za kumidzi.

Pali phindu linanso la mabuku a kwathu limene silipimika ndi mayeso. Mwana amamva nthano kwa agogo ake madzulo, akuyankha kuti tili tonse, koma saganiza kuti zoterezi zingalowe m'buku. Kwa iye buku ndi chinthu cha anthu akutali. Tsiku limene atsegula Nthondo, limene mphunzitsi Samuel Yosia Ntara analemba n'kupambana nalo mpikisano wa olemba a mu Africa, kapena Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, amapezamo maina, midzi ndi miyambo yonga ya kwawo. Pamenepo amazindikira kuti moyo wa pamudzi pake nawonso ndi woyenera kulembedwa, ndipo kuti wolemba akhoza kukhala munthu wonga mphunzitsi wake, kapena iye amene. Ana ambiri amene amalemba chimangirizo chokoma m'kalasi sanaphunzire zimenezo pa malamulo a kalembedwe olembedwa pa bolodi. Anamva kayendedwe ka ziganizo zabwino m'makutu mwawo kambirimbiri, mpaka dzanja linayamba kutsanzira.

Tsono n'zomvetsa chisoni kuti m'sukulu zina mabuku alipo ndithu, koma ana sawaona. Amafika m'makatoni, amalandiridwa ndi nyimbo ndi zokamba za alendo olemekezeka, kenaka amatsekeredwa m'kabati ya mu ofesi. Chifukwa chake chimamveka: mphunzitsi wamkulu akuopa kuti akabedwa kapena kung'ambika adzafunsidwa ndi akuluakulu. Kwina chipinda chimene chinamangidwa kuti chikhale laibulale chinasanduka mosungira makasu, matsache ndi matumba a ufa wa phala. Koma chiswe sichiopa loko, ndipo chinyontho sichipempha kiyi. Buku limene lang'ambika chikuto chifukwa ladutsa m'manja mwa ana 50 lagwira ntchito yake. Limene lakhala loyera m'katoni zaka zisanu ndilo latayika, ngakhale kaundula akusonyeza kuti lilipo. Akuluakulu oyendera sukulu akanachita bwino kumafunsa kaye kope lolembamo obwereka asanawerenge mabuku a pa shelefu.

Zofunika kuti kalaibulale kakhale ndi moyo si zambiri, ndipo Wimbe ndi umboni wake. Pamafunika munthu mmodzi amene amatsegula chitseko pa nthawi yodziwika, ndi kope limodzi lolembamo dzina la wobwereka ndi tsiku lobweza. Ana a makalasi apamwamba amatha kuthandiza kulemba ndi kumata masamba othothoka, ndipo amanyadira udindowo. Mphunzitsi amene amawerengera ana ake nkhani mokweza kwa mphindi zochepa, n'kulekeza pamene yafika pokoma, n'kuika bukulo poonekera, adzaona mmene anawo adzalimbiranira. Koma choposa zonse ndi mtima wa woyang'anirayo. Mayi a ku Wimbe aja sanali katswiri wa magetsi, ndipo sakanatha kuyankha mafunso onse a mnyamatayo. Chimene anachita ndi kumulola kubwereka buku lomwelo mobwerezabwereza, kumuthandiza mawu ovuta, ndi kusamufunsa kuti mwana wosiya sukulu akufunanji pakati pa mabuku a sayansi. Akanatsatira lamulo lakuti laibulale ya sukulu ndi ya ana olembedwa m'kaundula okha, palibe akanawadzudzula, ndipo palibenso akanadziwa chimene chatayika.

Mfundo imeneyi ikukhudza kwambiri achinyamata amene ali pakhomo, kaya analemba mayeso a Folomu 4 ndipo akudikira mwayi, kaya analekezera panjira. Kuwerenga kuli ngati khasu: likakhala osalimira limachita dzimbiri. Wachinyamata amene watha zaka ziwiri osatsegula buku amadabwa tsiku lolemba kalata yofunsira ntchito kuti mawu amuthawa. Amene ali pafupi ndi Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi matauni ena kumene kuli nthambi za National Library Service ali ndi poyambira. Ambiri amapitako kale, makamaka mayeso akayandikira, ndipo mipando imadzaza. Koma kawirikawiri amabwera ndi makope awo, n'kukhala tsiku lonse akuloweza zolemba za m'kalasi, n'kutuluka osakhudza shelefu ngakhale imodzi. Palibe cholakwa kufuna malo abata owerengerapo. Kungoti munthu wotere ali ngati wopita kumsika waukulu kukangokhala pamthunzi. Theka la ola loyendayenda pakati pa mashelefu, kusolola buku la zaulimi wa njuchi, la kusoka, la mbiri yakale kapena la nyenyezi popanda chifukwa china koma chidwi, silingagwetse munthu mayeso. Amene ali kumudzi, kutali ndi tauni, angathe kupita mwaulemu kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi kukapempha, pakuti safunsa anadya phula.

William anakhala pakhomo zaka pafupifupi zisanu. Sizinali zaka zokoma zokhazokha. Mvula itavutanso, ena m'deralo anayamba kunong'ona kuti nsanja yake ndiyo ikuthamangitsa mitambo. Chimene chinamutulutsa m'mudzimo chinali kalaibulale komwe kaja. Chakumapeto kwa chaka cha 2006, akuluakulu a bungwe lothandiza maphunziro a aphunzitsi la Malawi Teacher Training Activity anabwera kudzayendera laibulaleyo, ndipo anamva za mnyamata amene anamanga makina potengera buku la m'menemo. Dr. Hartford Mchazime a bungwelo anapita okha ku Masitala kukaona, nabwereranso ndi atolankhani. Nkhaniyo itatuluka m'nyuzipepala ya Daily Times inafalikira kutali, ndipo mu Juni 2007 William anaitanidwa kukalankhula pa msonkhano wa TEDGlobal mumzinda wa Arusha ku Tanzania. Anthu akufuna kwabwino anamulipirira maphunziro ku Lilongwe, kenaka ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo m'chaka cha 2014 analandira digiri ku Dartmouth College ku America.

Madzi aja, amene anali chifukwa chenicheni chimene chithunzi cha pachikuto chinamukopera, anafika pambuyo pa ulendo wa ku Arusha. Ndi ndalama zimene anthu anamuthandiza, pakhomo pa a Kamkwamba panakumbidwa chitsime chakuya chokhala ndi pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa. Banjalo linayamba kuthirira mbewu m'chilimwe, ndipo amayi a m'mudzi wa Masitala ankabwera ndi ndowa zawo kudzatunga pampopi.